Adada Tinawaika M'dothi

Ndinadzuka kusanache, ngati kumene kuja kunali kugona. Ndinangotsamira khoma pafupi ndi bokosi la Adada, amayi a kumpingo akuimba motsitsa, mpaka wina anandigwedeza phewa kuti nkhuni zikukana kuyaka. Kunja kunali nkhungu ya Mzuzu ija yobisa ngakhale mpanda wa nyumba yako yomwe. Nkhalango ya Kaning'ina, imene timaiona tikaima pakhonde, sinkaoneka n'komwe. Azibambo amene anachezera panja anali ataunjikana pa chitsa chimodzi chofuka, ndipo kuseri amayi ankakupizira moto ndi chivundikiro cha ndowa, maso ali psuu ndi utsi.

Koma mtima wanga sunali pa nkhuni. Unali pa Ankhazi, mlongo wawo wa Adada, amene anafika dzulo lake kuchokera ku Nkhata Bay n'kukana kulowa m'nyumba. Anachezera pansi pa mtengo wa mapeyala atafunda bulangeti, kapu yawoyawo ya pulasitiki ili pamiyendo. Anachita kubwera nayo kuti asamwere m'ziwiya za pakhomo pathu. Anali atauzanso mchimwene wanga kuti iwo kumanda safikako, chifukwa munthu ngati Adada saikidwa m'dothi.

Adada anadwala khate ali mnyamata. Anachira ine ndisanabadwe, koma zala sizimeranso. Masiku amenewo kwawo wakhate ankamumangira kanyumba kumapeto kwa mudzi, ndipo akamwalira sankamukumbira manda. Ankati nthaka idetsedwa, mvula ithawa. Amalume awo, amene anali ndi nthenda yomweyi, anakawasiya m'phanga n'kutsekapo ndi miyala, Adada ndi Ankhazi, ali ana, akuonerera chapatali. Adada nkhaniyi ankainena moseka. Ankati tikadzawaika kuno mvula n'kuthawadi, anthu a ku Masasa adzatithokoza chifukwa zovala zidzayamba kuuma. Komabe munthu wosekayo anali ndi kapu yake yachitsulo, yokulungidwa waya pachogwirira kuti dzanja lawo lizikolamo, ndipo inkakhala payokha pamsomali. Palibe mwana kapena mdzukulu amene analoledwa kumweramo.

M'chipatala, timapaipi tili m'mphuno, sanasekenso. Anandipempha chinthu chimodzi: kuti akalowe m'dothi pafupi ndi Amama ngati munthu wina aliyense, ndipo mlongo wawo akaime pomwepo, aone. Ndinalonjeza msangamsanga, ngati kuti Ankhazi ndi mbuzi yoti n'kuikoka ndi chingwe.

Kunja kutayera ndinawatengera Ankhazi tiyi m'ketulo n'kuwathirira m'kapu yawo ija. Ine ndine mphunzitsi, ndipo pakamwa panga sipachedwa kutseguka. Ndinawauza kuti khate si tsoka koma kachilombo, ndipo kamafa ndi mapilitsi. Ndinawaonetsa zala zanga, ndinati tonse tinakulira pamiyendo pa Adada koma onani zilipo zonse. Anandileka mpaka mpweya unandithera.

"Wamaliza, mwana wa mlongo wanga?" anandifunsa. "Iwe unamupeza atachira. Ine ndinkamupititsira chakudya ndili kamtsikana. Ndinkasiya mbale pamwala n'kubwerera chafutambuyo, chifukwa amama anati ndikangomukhudza ndikhala komweko. Iye ankatuluka n'kumandiitana, ati bwera tidye limodzi. Ine ndinkathawa."

"Koma Ankhazi, anachira kalekale."

"Ndikudziwa chomene. Mutu ukudziwa. Thupi ili ndi limene likukana."

Ndinabwerera ndi ketulo yanga. Mkwiyo ndinali nawo ndithu.

Nkhungu itachoka inasiya mvula yamawawa, ndipo anthu anayamba kufika momwemo. Anabwera a ku Nkhorongo atapinda mathalauza, anzathu a kuntchito atavala masuti koma nsapato zili matope okhaokha, ndi amayi a kunyanja atasenza ufa wa kondowole wokutira ndi mapepala a pulasitiki. Bambo wachisilamu wa golosale ya pakona, amene Adada ankakangana naye za mpira tsiku ndi tsiku, anatula thumba la mpunga kuseri n'kukakhala pabenchi mwakachetechete, chipewa chake choyera chitanyowa. Aliyense ankadutsa pamphasa pamene tinakhala anamfedwa, kutigwira dzanja n'kunena kuti pepani chomene. Ankhazi anakhalabe pansi pa mtengo wawo, manja atawabisa m'bulangeti.

Mwambo utayamba, mchimwene wanga anaimirira kunena mbiri ya malemu. Ndinkaopa kuti azemba, angoti anadwaladwala ali mwana. Sanazembe. Anatchula khate ndi dzina lake, ndipo m'tenti munamveka kusuntha kwa mipando. Pomvetsera ndinazindikira kuti mankhwala onse amene dziko lino laona anadutsa pathupi la munthu mmodzi ameneyu. Pamsana pawo panali mphini za asing'anga, zimene anawatema kumudzi n'kupakapo makala a zitsamba. Kenako anawatengera ku msasa wa odwala khate kwa amishoni, kumene ankawabaya jakisoni wa mafuta olimba, wotupitsa khungu, ndi singano zowiritsa m'poto zimene zikabuntha ankazinola pamwala. Pambuyo pake kunabwera timapilitsi toyera tomwa kwa zaka zambiri, ndipo n'timene tinawachiritsa. Atachira anawalemba ntchito yoyenda pa njinga m'midzi, kukagawa mapilitsiwo pansi pa mitengo, chifukwa odwala amene ankabisala m'nyumba ankatuluka akaona kuti wobwerayo manja ake ndi ofanana ndi awo. Anapuma ntchito kutafika mankhwala ochiza m'miyezi yowerengeka, zala zisanayambe kuonongeka.

Mchimwene wanga anamaliza ndi nkhani ya m'chipatala, mtima wa Adada utayamba kufooka. Namwino wina wachitsikana, powaika diripi, anawafunsa mwaulemu ngati manja awo anapwetekedwa ndi chigayo. Adada anasangalala tsiku lonse. Aliyense wobwera kudzawaona ankamuuza kuti, "Wamva? Mwana uja khate salidziwa." Anthu m'tenti anaseka, ndipo ine ndinalira pamenepo kuposa mmene ndinalirira usiku wonse.

Kuseka kusanathe, kumsewu kunaima kagalimoto kamatola kamene kanachedwa chifukwa chotitimira m'matope. Munatsika nkhalamba zingapo, zikuthandizana. Wina ankayenda ndi nsapato zosokedwa mwapadera, wina nkhope inali yophwanyika pamphuno, ndipo manja awo ndinawazindikira ndili patali. Anali anthu a pansi pa mitengo aja. Palibe amene anawatumizira uthenga. Anangomva pa wailesi n'kunyamuka.

Njira yochokera kumsewu imadutsa pa mtengo wa mapeyala. Mayi wina wa m'gululo, wamfupi, wa duku lofiira, anafunsa kuti wokhala payekhayo ndani, ndipo atamva kuti ndi mlongo wa malemu anapatuka. Pamaliro munthu sapempha chilolezo chogwira dzanja la namfedwa. Anagwada, n'kupisa m'bulangeti muja, n'kutulutsa dzanja la Ankhazi, n'kulipana pakati pa zikhatho zake ziwiri zopanda zala. Ndinaona Ankhazi akuuma thupi lonse. Ndinadzuka pang'ono pamphasa, ndikuganiza kuti akuwa kapena amukankha, tichite manyazi pamaso pa anthu onsewa. Koma mayiyo sanazindikire kanthu. Anakhala pansi pambali pawo, dzanja lija osalisiya, n'kuyamba kuwauza zinazake motsitsa. Zimene ankanena sindinazimve.

Nthawi yoona nkhope itakwana, Ankhazi sanabwere. Bokosi linatuluka, linakwezedwa m'galimoto, anthu n'kuyamba kulimbirana malo m'malole. Ndinayang'ana pansi pa mtengo, panali bulangeti lokha. Ndinafuna kutsika kuti ndikawafunefune kuseri, koma mchimwene wanga anandigwira mkono. "Asiye, sisi. Tayesa," anatero.

Ulendo wa ku manda a ku Zolozolo tinayenda pang'onopang'ono, amayi akuimba m'malole, mvula ikuwamenya kumaso. Anyamata a kabaza ankaima m'mbali mwa msewu n'kuvula zipewa. Ine njira yonse ndinkangolankhula ndi bokosi mumtima, kuti Adada pepani, theka lokha la zimene munapempha ndi limene ndakwanitsa.

Kumanda tinapeza adzukulu akukapa madzi m'dzenje ndi zidebe. Dothi linali lofiira, lomata, ndipo mwala wa Amama unali pambali pake utathimbirira ndi matope. Anatsitsa bokosi ndi zingwe. Abusa atapemphera anaitana ana, ndipo tinaponya dothi lathu. Kenako anaitana mlongo wa malemu. Panali zii, kupatula mvula pa maambulera. Anaitananso kachiwiri. Ine ndinaweramitsa mutu.

Anthu akumbuyo ndi amene anayamba kupatuka. Ankhazi ankabwera pang'onopang'ono, opanda nsapato, atakolowekana mkono ndi mayi wa duku lofiira uja, moti sunkadziwa kuti akuchirikiza mnzake ndani. Anali atakwera nawo kagalimoto kamatola kaja. Mdzukulu wina anawatambasulira fosholo ya dothi, koma iwo anaikankhira pambali, n'kuwerama, n'kutapa dothi ndi dzanja lawo. Anayang'ana m'dzenjemo nthawi yaitali asanaponye. Ataponya sanabwerere m'mbuyo. Anaima pomwepo mpaka adzukulu anamaliza kukwirira, ndipo wina atafuna kuwafunditsa ambulera anakana. Mvula sinathawe. Tonse tinabwerako titanyowa mpaka zamkati.

Pofika madzulo pakhomo panali patayera. Tenti anali ataigwetsa, mabenchi atabwerera kutchalitchi, ndipo pamene panali moto panatsala mafuwa akuda ndi phulusa lonyowa. Amayi amene anatsuka ziwiya anasonkhanitsa makapu onse m'mabeseni n'kupita nawo, obwereka ndi athu omwe, kuti akawasankhula mawa. M'nyumba munali fungo la makandulo ndi zovala zonyowa. Mchimwene wanga anagona pampando nsapato zili kuphazi.

Ndinali kukhitchini pamene ndinamva munthu akupukuta mapazi pakhomo. Ankhazi analowa, koyamba chimangireni nyumba imeneyi. Anayang'ana zithunzi pakhoma, anayang'ana mpando wa Adada, kenako anakhala pamkeka n'kunena kuti akumva kuzizira, ndiwapangire tiyi. Madzi atawira ndinafunafuna pothira. Kapu yawo ya pulasitiki inali itapita ndi mabeseni aja. Ndinawauza kuti adikire ndikabwereke kwa aneba.

"Nanga iyo?" anatero, akuloza pamsomali.

Ndinaitsitsa, ndinaitsuka, ndinathiramo tiyi. Anailandira ndi manja awiri. Zala zawo zinalowa m'chogwirira cha waya chija n'kutsala malo. Anaiyang'ana kanthawi, anauzira, n'kumwa. Anamwanso kachiwiri, misozi ikutsikira m'makwinya, ndipo polankhula sankalankhula ndi ine.

"Ndabwera, mlongo wanga," anatero. "Ndachedwa, koma ndabwera."

Ndinakhala nawo pamkekapo, mvula ikugogoda pamalata. Atamwa theka anandipatsira kapuyo, ndipo ndinamaliza tiyi wotsalayo.