Uthenga wa Njinga Umene Ndinapita Nawo ku Ngong

Ndinanyamuka pakoleji pathu ku Nairobi cha m'ma 10 koloko m'mawa, Lachisanu, nditavala majuzi awiri. Amene amati ku Nairobi n'kotentha sanalaweko chisanu cha pakati pa chaka. Ndinkapita ku Ngong kwa amalume anga, a Kachingwe, ndipo uthenga umene ndinanyamula unkandilemera kuposa chikwama.

Amalumewo anali khukhi panyumba ya ansembe kumeneko, akazi awo, Anabanda, ali kumudzi ku Dedza. Chaka chimenecho anadwala sitiroko, mwendo wakumanzere n'kufooka. Adokotala anati akapanda kumaugwiritsa ntchito uuma. Koma makani a kwathu ndimawadziwa, amayi anganso ali nawo. Amalume anakana zolimbitsa thupi zonse, n'kuvomera chimodzi chokha: ukayamba mpikisano waukulu wa njinga wa ku Ulaya, uja umatha masabata atatu, azidzapalasa njinga yawo yokhomeredwa pathabwa kutsogolo kwa TV ya ansembe, limodzi ndi katswiri wawo, mzungu wina amene ankangomutcha "munthu wanga".

Mpikisano unali woyamba mawa lake. Koma m'mawa womwewo ndinawerenga pa intaneti kuti opalasa angapo awachotsa powaganizira kuti amagwiritsa ntchito mankhwala owonjezera mphamvu. Munthu wa amalume anali m'gulumo. Ndinachita mantha kuti mwendo uja watha basi.

Pasiteji ya Railways, m'katikati mwa tauni, makondakitala ankaitanira okwera mokuwa kuti, "Ngong! Beba, beba!" Ndinakwera minibasi, ija kumeneko amati matatu, n'kulipira mashilingi makumi asanu, n'kupanikizika pakati pa mayi wa thumba la kabichi ndi bambo wina amene anakoloweka matayala awiri a njinga m'khosi. Anali wokonza njinga, uja kumeneko amati fundi.

"Fundi, mwamva za ku Ulaya?" ndinamufunsa m'Chiswahili changa chotsimphina.

"Onsewo amamwa, dada," iye anatero, dada kutanthauza mlongo. "Ogwidwawo angosowa mwayi. Koma mawa shopu nditseka msanga. Amwe, asamwe, phirilo akwera ndithu, ndipo ine ndionera."

Mayi wa kabichi anatiyang'ana ngati tadwala mutu. "Amuna akuluakulu kuthamangitsana, opanda ngakhale thumba la makala kumbuyo? Akupita kuti?"

Matatu yonse inaseka, kupatula ine.

Pa Dagoretti Corner tinaima nthawi yaitali pamzere wa magalimoto. Ndinagula pawindo chimanga chootcha chopaka ndimu ndi tsabola, koma sindinachimve kukoma. Ndinkaganiza za kanenedwe kake. Kwathu nkhani yoipa sitimuponyera munthu ngati mwala, makamaka wodwala. Ndinakumbukira anthu amene ankabwera kwathu ndi uthenga wolemera: amakhala kunja, madzi akumwa amakana, amayamba kaye n'kukulimbitsa mtima. Ndinati nanenso ndikatero, mwaulemu wake.

Titadutsa Karen, kwa mitengo italiitali ndi mipanda ya anthu olemera, tinapitirira gulu la opalasa njinga atavala tizovala tothina. Fundi anatulutsa mutu pawindo n'kuwakuwiza, matayala ake akundikwapula kumaso. "Pole, dada," anapepesa, koma mutu sanaubweze.

Tinafika ku Ngong nthawi itapitirira 12 koloko, mphepo yochokera m'mapiri ikulowa mpaka m'mafupa. Kuchokera pamsika ndinayenda wapansi. Amalume ndinawapeza pakhonde, ndodo ili pambali. Anali atavala malaya achikasu a pakaunjika, chifukwa wotsogola pampikisanowo amavala achikasu. Njinga inali pafupi, yopukutidwa mpaka masipoko. Mtima wanga unasweka.

"Mwana wa mlongo wanga! Lowa, tiyi ali pamoto."

Ine ndinagwada pansi pa masitepe. "Ayi malume, ndikhala pompano."

Kumwetulira kuja kunazima. "Kwagwanji?"

"Malume, limbani mtima. Munthu wanu uja sizili bwino."

"Wadwala?"

"Zapitirira pamenepo."

Anavula chipewa pang'onopang'ono n'kuchiika pabondo. "Anabanda," anatero chapansipansi. "Anabanda andisiya ine ndili kuno?"

Anagwira mpando kuti aimirire, mwendo unakana, n'kugweranso pompo. Anaumenya mwendowo ndi chibakera. "Nanga ndikafika bwanji kumanda ndi chinthu ichi?"

Apa m'pamene ndinazindikira zimene ndachita. Ndinabwera ndendende ngati wonena maliro, kwa munthu wodwala amene aliyense ankadziwa kuti sangamuuze zotere pafoni.

"Ayi malume! Azakhali ali bwinobwino! Ndikunena mzungu wanu wa njinga. Amuchotsa pampikisano, akuti ndi za mankhwala!"

Amalume anayamba kuseka, misozi ikutsikabe, mpaka kutsokomola.

"Mwana wa mlongo wanga iwe! Maphunziro onsewa, wandigwadira chifukwa cha mzungu woti sadziwa n'komwe kuti ndilipo?"

Nanenso ndinalira, ndikuseka. Tiyi tinamwa atazizira, ndi mandasi a pamsika. Za munthu wawo anangoti, "Ngati wamwadi, wandichititsa manyazi. Ngati sanamwe, Mulungu amuona." Ine ndinayang'ana njinga ija n'kufunsa chimene ndinkachiopa kuyambira m'mawa.

"Ndiye mawa simupalasa?"

"Mawa? Ndikweze pano."

Ndinawagwira m'khwapa mpaka anakhazikika pachishalo, phazi lofookalo n'kulimangirira ku pedulo ndi mpira wa chubu, monga anandiuzira. Tayala linazungulira kamodzi, movutikira. Kenaka kachiwiri.

"Mzunguyo akalire kwa amake," anatero akupuma mwabefu. "Ine lero ndaona kuti atandiitana kwathu, sindingafike ngakhale pageti. Anabanda asadzandidikire pachabe."

Ulendo umenewu unandiphunzitsa kuti ulemu wa kwathu uli ndi malo ake, ndipo ndisamagwadire nkhani za pa intaneti. Koma sindinadandaule. Ndinaima pambali pawo, dzanja langa lili pamsana wa malaya achikasu aja, thukuta likuyamba kutuluka ngakhale kunkazizira.

"Tafika pati?" anafunsa, maso ali otseka.

"Mwangotuluka kumene pageti, malume."

"Basi, usandichedwetse ndi nkhani. Ku Dedza n'kutali."