Ng'oma Zimene Nyundo Sanamenye

Nyundo anali wowongola magalimoto ochita ngozi, ndipo dzinali anamupatsa ndi anzake a pagalaja. Mkati mwa sabata ankamenya zitsulo, Loweruka ankamenya ng'oma m'gulu loimba la Mawaya Anayi, limene anayambitsa ndi mlamu wake, woimba wa pakamwa potsekemera. Ankayeserera nyimbo kuseri kwa galaja, pakati pa matayala akutha. Wosesa malowo, wonyamula masipika, wopepesa aneba chifukwa cha phokoso, anali Nyundo yemweyo.

Tsiku lojambula nyimbo yawo yoyamba, mwini situdiyo anamumvetsera n'kupukusa mutu.

"Akuluwa akumathamanga pa kolasi," anatero.

"Alamu, kapumeni kaye, tikonza," anatero woimba uja.

Anakonzadi, anthu opanda manyazi! Anafufuta ng'oma zake zonse n'kuikamo za pakompyuta, osamuuza. Anangosiya chithunzi chake pachikuto, atakweza timitengo m'mwamba, mano onse pamtunda.

Anazizindikira nyimboyo italira pa wailesi ya pagalaja. Anzake anataya masipanala n'kuyamba kuvina, koma iye anatchera khutu. Ng'omazo zinali zosalala, zopanda thukuta, ndipo sizinali zake. Anapita kwa mlamu wake ovolosi ili m'thupi.

"Alamu, mwandichotsa m'nyimbo yanga yomwe?"

"Ndiye mwakwiyiranji? Anthu akuikonda. Adziwa ndani?"

Mawu amenewa anamuwawa kuposa kufufutako. Anakhoma loko kuseri kwa galaja, ndipo gulu losowa poyeserera silinaone chaka. Wagitala anasamuka, mlamu anabwerera kogulitsa mafoni, ndipo mpaka lero Nyundo ndi mlamuyo akakumana pamaliro amangopatsana moni wa pakamwa.

Koma nyimbo ija inakana kufa. Mwana wamkazi wa Nyundo anakula akuimva, akunyadira kusukulu kuti ng'omazo ndi za bambo ake. Nyundo sanalimbe mtima kumuuza zoona, ndipo zimenezi zinkamudya.

Tsiku lina atabwera kuchokera kuntchito anapeza mwanayo pakhonde akumenya zidebe motsatira nyimboyo, osaphonya. Mtima unamusefukira. Anakhala pansi, natenga timitengo, n'kumenya mmene iye ankamenyera kuseri kwa galaja, mwamphamvu, mothamanga pa kolasi.

Mwanayo anamugwira dzanja.

"Ayi bambo, mukulakwitsa. M'nyimbo muja simumenya choncho."