Kamwana ka Nthochi ka Kutsidya

Atate anali ndi dimba la nthochi ku Kavalamanja, m'mbali mwa Zambezi, pamalo pamene dothi limakhala lakuda ndi lonyowa ngakhale dzuwa litakwiya chotani. Iwo anabwera kuno akuthawa nkhondo ya ku Mozambique, ndevu zikungomera kumene. Anakwatira amai, natibereka ife, ndipo kwawo sanabwerereko kukakhala. Dimbalo analiyamba ndi tiana ta nthochi topempha kwa anzawo. Pamene ine ndinkakula munali mutachita mdima, moti ukalowamo masana thukuta linkauma lokha. Mvuu zinkathyola mpanda, njovu zinkabwera chaka ndi chaka, koma atate ankangodzuka n'kumanganso.

Mtundu umodzi wokha ndiwo munalibe. Inali nthochi yaifupi, yonenepa, ya khungu lopyapyala, imene amai awo anabzala kuseri kwa khitchini kumudzi kwawo, kutali kupitirira tauni ya Zumbo, kutsidya ku Mozambique. Tikamadya nthochi zathu ankati, "Izi ni zabwino, koma za kwathu zija," n'kulekeza pomwepo.

Ine ndinakwatiwa ku Feira, tauni ya padoko ya tsidya lino. Ndimawoloka kawirikawiri kupita ku Zumbo ndi shuga, sopo ndi mafuta ophikira, n'kubwerako ndi nsomba zouma. Koma kumudzi kwa atate ndinali ndisanafikeko, chifukwa n'kutali ndi msika ndipo galimoto zimapita mwa apo ndi apo. Chinandifikitsako ndi maliro. Mlongo wawo wa atate, yekhayo amene anatsala kumeneko, anamwalira. Atate miyendo inali itatupa, maso nawo akuchita nkhungu, ndipo bwato sakanatha kukwera.

"Mwana wanga, ukaniimilire," anatero. "Ukaponye dothi m'malo mwanga."

Nditanyamuka kale, chikwama chili paphewa, anandiitananso.

"Ngati nthochi ya amai ikalipo, unitengereko kamwana."

Inalipo. Titaika maliro, mlamu wanga wina wa kumeneko anandiperekeza kuseri kwa khitchini n'kundikumbira tiana titatu. Ndinaona kuti phata lina cha kumbuyo linali lopinimbira, masamba ali njo kuloza kumwamba, koma ndinangoti ndi chilala. Tiwiri tinakulunga m'saka. Kachitatu kanali kakang'ono kwambiri, ndiye poopa kuti kangathyoke ndinakaika pansi pa ndowa, pamwamba n'kuthira nsomba.

Padoko la ku Feira ndinapeza zachilendo. Pambali pa anthu oona mapepala panali bambo wina wa zaulimi, ali ndi tebulo pansi pa mtengo ndi chithunzi chachikulu cha nthochi yodwala. Ankatsegula katundu wa aliyense wotsika m'bwato.

"Amai, mwanyamula chani mu saka?"

"Ni tuana twa nthochi chabe, bwana."

Anapukusa mutu. Sanakalipe. Anandifotokozera pang'onopang'ono kuti kwabuka matenda a nthochi, ndipo lamulo likuti mbewu iliyonse yamoyo, kaya nthochi, kaya lalanje, kaya chinangwa, isawoloke kapena kuchoka m'dera lina kupita lina popanda kuyezedwa ndi chikalata. Anati kamwana kamatha kuoneka kabwinobwino matenda ali m'kati, ndipo tinsabwe ta m'masamba timawatenga n'kuwagawira dimba lonse. Mankhwala ake kulibe.

Ndinamuuza za maliro. Ndinamuuza za atate, kuti ndi nkhalamba, kuti sadzaonakonso kwawo. Ndinalira ndithu, anthu akuona.

"Pepani amai," anatero. "Matenda sadziwa maliro. Nikakumverani chisoni lero, mailo ndimwe muzanitukwana."

Anatenga tiwiri tija n'kutiponya mu dilamu momwe munali kale mbewu za anthu ena zodikira moto. Kenako anayang'ana ndowa yanga.

"Kulibe kwina?"

"Kulibe."

Mawu amenewo ndinawanena mosavuta, ngati mmene munthu amayankhira moni. Ananyamula nsomba ziwiri zapamwamba, n'kuzibwezera, n'kundiuza kuti ndipite bwino.

Atate atakalandira kamwana kaja anakagwira ndi manja awiri. Anayamba anunkhiza dothi limene linakanirira ku mizu, nthawi yaitali, maso atatsinzina. Amai anamwalira kalekale, ndipo kuyambira pa maliro awo ndinali ndisanaone atate akugwetsa msozi. Tsiku limenelo anagwetsa, akuseka. Za padoko sindinawauze. Ndinangoti tina tiwiri tinafota panjira.

Anakabzala pakati penipeni pa dimba, pamalo abwino koposa, n'kukatchinga ndi bango kuti mbuzi zisakafike. Miyendo yotupa ija inapeza mphamvu. M'mawa uliwonse ankatsika ndi ndodo yawo ndi kachitini ka madzi. Ndikabwera kudzawaona, asanandifunse n'komwe za ana anga, ankandikoka dzanja kuti ndikaone tsamba latsopano.

Mvula itatha, masamba anayamba kutuluka ang'onoang'ono. Lililonse linkakhala lalifupi kuposa linzake, lopapatiza, lachikasu m'mphepete, ndipo onse anaunjikana pamwamba ngati tsache loimika. Nditaona ndinakumbuka chithunzi cha padoko. Atate anati mwina dothi lakuno silinaizolowere. Anathira manyowa a mbuzi, anathira phulusa. Ine ndinangovomera kuti mwina ndi dothi. Ndikanazula tsiku lomwelo, mwina dimba likanapulumuka. Sindinazule. Ndinabwerera ku Feira, ndipo ndinatha miyezi iwiri osapitako.

Pofika chaka chotsatira, mzere wonse woyandikana nayo unali utapinimbira chimodzimodzi. Mikoko inasiya kutuluka, ndipo imene inatuluka inali ndi tizala topotoka tosadyeka. Matendawo anadumpha mpanda n'kulowa m'dimba la mayi wina wamasiye amene ankachita malire ndi atate. Mayiyo ankalera zidzukulu ndi nthochi zomwezo. Ankazipsetsa m'dzenje n'kukagulitsa pamsewu, ndipo ine ndili mwana ankandipatsa zosweka kuti ndidye pobwera kusukulu.

Alangizi a zaulimi anabwera pa njinga yamoto. Anali mayi wamng'ono msinkhu kwa ine, wovala magambutsi. Tsikulo ndinalipo, chifukwa mchimwene wanga anandiimbira foni kuti ndibwere. Anayenda m'madimba onse a m'mbali mwa mtsinje, akutembenuza masamba, akutionetsa timizere tobiriwira kwambiri pa msempha wa tsamba ndi tinsabwe takuda tobisala m'khosi mwa nthochi. Kenako anasonkhanitsa eni madimba pansi pa mtengo wa musawu.

"Sinifuna kumanga munthu," anatero. "Nifuna chabe kudziwa kumene yachokera, kuti tidziwe kwina kumene yafika. Ndani anabweretsa mbewu yachilendo kuno?"

Ine ndinali nditakhala kumbuyo kwa azimayi, ndikuyang'ana zala za kumapazi. Ndinamva atate akukokera ndodo yawo.

"Ndine, mwana wanga. Ninatuma wa bwato wina anitengere kwathu. Sininadziwe."

Anthu anang'ung'udza. Bambo wina anati nkhalamba zina zimakula opanda nzeru. Wina anati anthu akutsidya ndi choncho, ngakhale akhale kuno zaka zingati. Atate anakhala m'mudzi umenewo moyo wawo wonse wauchikulire, anakumba nawo manda a makolo a anthu omwewo, ndipo anangowerama n'kumva zonsezo. Ine sindinatsegule pakamwa.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, ndinawapeza pakhonde akunola chikwanje. Ndinagwada pambali pawo.

"Atate, padoko ananiletsa. Ananilanda tuwiri. Aka ninabisa."

Anasiya kunola.

"Anakuuza kuti kuli matenda?"

"Ananiuza."

"Ukananiuza, sembe sininabzale."

Anangonena zomwezo, mosakweza mawu. Ndikanakonda akanandimenya. Patapita kanthawi anayambiranso kunola, n'kunena osandiyang'ana, "Koma ndine ninakutuma. Usauze munthu. Iwe ukali na masiku ambiri okhala na anthu."

Kuzula kunatenga masiku angapo. Alangizi anati zonse zichoke, zodwala ndi zooneka zamoyo zomwe, ndipo phata lililonse likumbidwe mpaka pansi, lidulidwe tizidutswa kuti lisaphukenso. Anati m'mudzimo musatuluke kamwana ka nthochi ngakhale kamodzi, ndipo tisabzalenso kufikira iwo atanena. Atate anakana kuti wina ayambe. Analowa okha pakati pa dimba, anachotsa bango lija limodzilimodzi n'kuliunjika bwinobwino pambali, ndipo anatema nthochi ya amai awo ndi dzanja lawo. Inali yaifupi, sinafike n'komwe m'chiuno mwawo. Kenako anapereka chikwanje kwa mchimwene wanga n'kukakhala pa chitsa.

Nthochi ikamagwa sichita phokoso ngati mtengo. Imangoti fwaa, madzi n'kumachucha pachilonda. Tinagwira ntchitoyo zovala zitada ndi utomoni umene suchoka ngakhale uchape chotani. Kuseri kwa mpanda mayi wamasiye uja ankatema zake yekha, ndipo nditapita kuti ndimuthandize anati, "Kathandize atate ako, ndiwo ali na zambiri." Titamaliza, munthu ukaima panjira unkaona mtsinje wonse mpaka kutsidya, ndi mvuu zomwe. Malo amene ndinkawayesa aakulu ngati dziko anali kadimba chabe, kopsa ndi dzuwa.

Atate sanasiye kutsikirako m'mawa. Ankapita ndi khasu, n'kukhala pa chitsa chija, n'kubwerako khasu lili loyera. Mchimwene wanga anabzalamo tomato ndi repu, koma iwo sankazikhudza. Anzawo amene ankabwera kudzacheza nawo mumthunzi anachepa, popeza mthunziwo kunalibe, ndiponso ena anali akadali ndi mkwiyo. Nyengo yozizira itafika chifuwa chinawagwira. Tinawatengera kuchipatala ku Katondwe, ndipo anakhalako sabata imodzi. Anamwino anayesetsa. Sindinganene kuti dimba ndilo linawapha, chifukwa anali okalamba ndipo ankadwala kale. Koma m'sabata yonseyo ndinkawasambitsa ndi kuwamwetsa phala, sanatchulepo nthochi ngakhale kamodzi, ndipo ine ndinkadikira kuti atchule.

Maliro atatha, anthu atabalalika, ndinapita kwa mayi wamasiye uja. Ndinamupeza pabwalo akusenda nyemba m'lichero. Tsopano ankagulitsa nkhuni, ndipo mdzukulu wake wamkulu anali atamutumiza kwa achibale ku Mburuma chifukwa pakhomo chakudya chinkaperewera. Ndinagwada patali pang'ono.

"Amai, sanali atate. Nthochi ija ninabwera nayo ndine. Ananiletsa padoko, ine ninanama."

Sanadzutse mutu.

"Ninali kudziwa," anatero. "Wa bwato uti angapite kukakumba kuseri kwa khitchini ya eni ake? Tonse tinakuona pamene unabwera kuchoka ku maliro na ndowa."

"Nanga simunakambe bwanji?"

"Atate ako anakamba kale. Ine nikanawachititsa manyazi kawiri?"

Ndinapepesa. Ndinapepesanso. Iye anapitiriza kusenda, makoko akugwera pa chitenje chake. Patapita nthawi anakankhira lichero pakati pathu, ndipo ndinasendera pafupi n'kuyamba kusenda nawo. Nyemba zina zinkandipulumuka n'kugwera pansi, iye n'kumazitola. Zoti wandikhululukira sananene. Titamaliza ananyamula lichero lake n'kulowa m'nyumba, ndipo ine ndinakhalabe pabwalopo kanthawi ndisanadziwe kuti satulukanso.