Usipa Wochotsa Minga

Chaka chimene mlongo wanga wamng'ono anabwera ku holide kuchokera ku yunivesite, n'kuti ine ndili pa chenjezo lomaliza. Mwini chilimira, khoka lalikulu lija la usipa, amene ndinkamugwirira ntchito ku Bandawe anali atandiuza pamaso pa anzanga onse kuti ndikadzangomenyanso munthu, nkhafi ndisiye pomwepo ndizipita. Sukulu ndinalekezera Sitandade 7. Kupalasa bwato ndi kukoka khoka ndiyo ntchito yokhayo imene ndinkaidziwa.

Mlongo wangayo ndinamupeza m'mawa akuyanika chinangwa pathandala. Ndinamufunsa mongomuputa.

"Iwe, zaka zonsezi ukuphunzira chiyani kumeneko? Kudya mpunga?"

"Mukamvetsera osakalipa, achimwene, ndikuuzani."

Anayamba m'Chitonga chathu, koma mawu atamuthera analowa Chichewa chosakaniza ndi Chizungu. Anati thupi lonseli ndi timaselo tosaoneka ndi maso. Pakati pa selo pali malangizo amene satuluka. Chimene chimatuluka ndi kachingwe kokopera malangizowo, kotchedwa RNA wamthenga, ndipo kamapita kumene selo imapangira mapuloteni. Mlongo wangayo ankafufuza mapuloteni ena amene amagwira kashiamu. Kashiamu akangowakhudza amapindika mwamtundu wina, n'kukakamira kachingwe kaja. Nthawi zina amakanyamula kupita nako kumene kakufunika, nthawi zina amakagwira kuti kasawerengedwe kaye.

"Popanda maso, amadziwa bwanji kachingwe koti agwire?"

"N'zimene tikufufuzazo. Sitinadziwe bwinobwino."

Zinandidabwitsa. Ndinkayesa anthu a ku yunivesite sanena kuti sitikudziwa.

"Nanga kashiamuyo amachokera kuti?"

"M'zakudya. Monga m'minga ya usipa muja."

Iye atabwerera ku sukulu, nkhaniyo inanditsalira m'mutu. Ndikamasoka khoka ndinkayang'ana mkono wanga n'kumaganiza kuti pansi pa khungu ili pali tizingwe tikuyenda, tina tagwidwa, tina tatayidwa. Kenako ndinawerengera ndekha. Mwa ine uthenga umathamanga mopitirira: munthu akangolankhula zopusa, chibakera chafika kale ndisanaganize. Ndipo usipa ndaudya ndi mitu yomwe chiyambire kumera mano. Basi, ndinati vuto ndalipeza. Kashiamu wandichulukira, mapuloteni aja akungonyamula mauthenga osapuma.

Ndinayamba kuchotsa minga mu usipa.

Amene anaugwirapo usipa akudziwa. Kansomba kake n'kochepa ngati chala, ukati uchotse mutu ndi msana umatsala ndi fungo lokha. Kunyumba ndinkabisala kuseri kwa khitchini. Koma tsiku lina masana tikudya kondowole pansi pa mtengo wa mango, gulu lonse lilipo, mkulu wina wowongolera bwato, wapakamwa ngati lumo, anandiona ndikukanda kansomba ndi chikhadabo.

"Taonani mzungu wa kuhotela! Timubweretsere foloko?"

"Musiyeni," anatero wina, "mawa ayamba kusenda ngumbi."

Onse anafa nacho chiseko. Mkulu uja anatambasula dzanja, n'kuwola kamulu ka mitu ndi minga kamene ndinaunjika pambali, n'kuponya m'kamwa. "Yewu, ada!" Anandithokoza m'Chitonga akutafuna, maso ali pa ine.

Ndinadzambatuka. Makutu anatentha, manja anadzikunga okha. Mwini chilimira anasiya kudya, n'kumandiyang'ana. Tonse tinkadziwa chimene ankadikira.

Ndili chiimire choncho, chinthu china chinandizunguza mutu. Ndakhala nthawi yonseyi osalawa munga ndi umodzi womwe, koma ukali wabwera wathunthu, sunachepe ngakhale pang'ono. Ndipo munthu amene wameza minga yake ndi yanga yomwe, uyo akungoseka, misozi ili mbwembwembwe. Ndiye pali chimene sindinamve bwino. Ndinafunitsitsa kudziwa nthawi yomweyo, mwakuti ndinatembenuka n'kuthamangira kumsewu, kumene foni imagwira bwino.

Nditamuimbira n'kumufotokozera zonse, mlongo wanga anaseka mpaka kutsamwa.

"Achimwene inu! Selo siilola kashiamu kuyendayenda mwachisawawa. Imamutsekera m'nkhokwe zake, n'kumatulutsa pang'onopang'ono nthawi ikakwana. Mudye minga, musadye, nkhokweyo simuitsegula ndi mbale. Ndipo ukali wanuwo musaunamizire usipa."

"Usandiseke iwe. Amatsegula nkhokweyo ndani?"

"Chizindikiro chimabwera kuchokera kunja kwa selo."

"Nanga chizindikirocho amatumiza ndani?"

Mayunitsi anathera pomwepo.

Ndinabwerera kunyanja ndikuyenda pang'onopang'ono, funso lija lili m'kamwa. Anzanga anali atayamba kutambasula khoka pamchenga. Mwini chilimira anandiyang'ana m'manja, lamanja kenako lamanzere.

"Ndimayesa wakatola mwala."

"Ndimaimba foni, ada."

Analoza ndi mlomo kumapeto kwa khoka.

"Kagwire chingwe uko."