Tambala Anafera Dzira Langa

Pepala la mwambo wonditsanzika ku yunivesite likuti chidwi changa pa mapuloteni chinayambira kunja kwa dziko. Bodza lenileni! Ndalisunga m'failo, ndipo kalata yodandaula ndatumiza kale. Chinayambira ku Ndirande, pakhola la nkhuku.

Atsikana sitinkaloledwa kudya mazira. Amayi ankati tidzakhala osabereka. Tsiku lina iwo ali kumsika, ndinasolola dzira limodzi pansi pa thadzi lofungatira, n'kuliwiritsa m'chitini. Lili lotentha m'manja, mantha anandigwira, poti amayi ankawerenga mazirawo m'mawa uliwonse.

Ndinaganiza kuti chimene moto walimbitsa, madzi ozizira afewetsa. Ndinaliviika mumtsuko, n'kulibwezera pansi pa thadzi.

Mazira onse anaswa, langa lokha ayi. Ndinkagwada m'fungo la zitosi, kulinong'oneza kuti, "Iswa, chonde."

Amayi analigwedeza pakhutu, n'kuliponya m'chimbudzi. "Bambo a ana, ili lili zii, mulibe kanthu. Tambala wanuyu wakalamba."

"Wakalamba bwanji, poti enawo aswa?" anatero bambo.

"Ndiye tidikire mpaka onse akanike?"

Lamlungu tinadya tambala. Ine anandipatsa phiko, ndipo ndinkatafuna misozi ili chuchuchu. Amayi ankati ndi tsabola.

Moyo wanga wonse wapantchito ndakhala ndikufufuza mmene mapuloteni amapindikira, ndi mmene moto umawasokonezera. Mapepala onse ndili nawo, ndipo akugwirizana pa mfundo imodzi: tambala uja analibe mlandu.