Anti a ku Doha

Chaka chimenecho mabwana anga a ku Al Waab, mumzinda wa Doha, ananditenga popita ku holide kumapiri a ku Ulaya, nyengo yozizira. Ine ndine namwino, ndimasamalira mayi awo okalamba odwala shuga. Enawo akamanga timatabwa kumapazi n'kumatsetsereka pa chipale chofewa, ine ndi mayiwo tinkatsala pakhonde la hotela, titafunda mabulangete.

Pakhondepo pankabwera mbalame. Zakuda bii, milomo yachikasu, miyendo yofiira ngati zaponda pamoto. Zinkangotambasula mapiko mphepo n'kuzinyamula, kenako n'kutsika mwadzidzidzi kudzatera pambali pa mbale ya munthu. Ndinaziyesa makhwangwala, kungoti akwathu amavala kolala yoyera ngati abusa. Ndinakumbuka mneneri uja amene Mulungu anamutumizira makhwangwala ndi mkate ali kobisala, mtima n'kundiuza kuti izi zatumidwa kwa ine.

Pempho langa kwa Ambuye linali limodzi. Mwana wanga wamkazi ndinamusiya ku Zomba atangoleka kuyamwa, m'manja mwa mng'ono wanga. Tsopano anali atayamba sukulu, koma pafoni sankandilankhula. Ankangoti “ndili bwino,” n'kuthawa. Ndinasala kudya chifukwa cha zimenezi, ndinagwada mpaka maondo kuchita zikang'a. Ndinkangofuna kuti tsiku lina aime, andiyang'ane, alankhule nane.

Ndiye masana ena ndinanyema buledi pa tebulo, ndikuimba foni ya vidiyo. Anayankha ndi mwanayo. Ndisanamupatse moni ndinalozetsa foni kwa mbalame zija. Imodzi inatola buledi, inzake n'kuilanda. Mwana anaseka. Kuseka kwake ndinali ndisanakumvepo chichokereni kwathu, ndipo mumtima ndinayamba kale kuyamika.

“Amayi!” anakuwa. Ndinatsegula pakamwa kuti ndivomere. “Amayi, thamangani mudzaone! Anti a ku Doha akuonetsa makhwangwala a milomo yachikasu!”

Kuti mwanayo azitcha mng'ono wanga amayi silinali vuto. Kwathu mng'ono wa mayi ako ndi mayi ako, palibe amadabwa. Koma anti ndi mayi aliyense wapamsewu, wogulitsa mandasi, mlendo amene umamubweretsera madzi akumwa n'kubwerera kokasewera.

Mng'ono wanga anatulukira akupukuta m'manja. “Iwe, pakamwapo! Anti ake ati? Awa ndi amayi ako. Nena msanga.”

“Amayi,” anatero mwanayo, maso ali kwa mng'ono wanga.

“Pepani achemwali, ndi zachibwana. Amatengera anzake.”

“Musiye,” ndinatero. “Usamukalipire.”

Mwana anabwezanso nkhope pafoni. “Anti, zionetseninso. Zimaluma?”

Ndinazionetsanso. Ndinamuuza kuti siziluma, zimangoba. Dzanja linali litauma ndi kuzizira koma sindinatsitse foni, mpaka mayi okalamba aja anandikoka bulangete: “Yalla, tiye sisita, tilowe.”

Tinabwerera ku Doha. Lachisanu, tsiku lopuma kumeneko, kutchalitchi anthu amaimirira kuchitira umboni, wina wachira, wina wapeza ntchito. Mayi wina wa kwaya amene tinkasala kudya limodzi anandifunsa ngati Ambuye anayankha. Ndinati anayankha. Sindinaname, pakuti mwana tsopano amalankhula nane. Iye anaomba m'manja, ine ndinayang'ana pansi. Ndimadziwa kuti Atate sapatsa mwana mwala akapempha mkate. Ndimakhulupirira, sindinasiye. Koma chimene ndinalandirachi ndachitembenuza uku ndi uku, ndipo sindikuchidziwa dzina. Kapena ndinapempha molakwa. Ndikagwada tsopano mawu satuluka, ndimangokhala chogwada mpaka miyendo kuchita dzanzi.

Kontrakiti ndinasainanso. Lamlungu lililonse mwana amathamangira foni yekha, amandiuza za kusukulu, za dzino limene laguluka. Mng'ono wanga analeka kumuwongolera chifukwa ndinamuletsa ndine: akamukakamiza, mwana amangoti zii n'kuchoka.

“Anti!” amatero foni ikangolumikizika.

Ndipo ine ndimati, “Ee mwanangu, ndikumva.”