Bambo Yosefe, Amene Anasiya Kapela Yopanda Denga

Akhristu a ku Ngauma tataya bambo Yosefe Norberto, ndipo akuluakulu a mpingo andipempha ine, amene ndinaponda nawo dothi la njerwa, kuti ndilembe za moyo wawo. Ndavomera ndi mtima wonse, ngakhale eniake akanamva akanandikalipira kuti ndikuwononga pepala.

Anabadwira m'banja lolima fodya ndi chimanga. Sukulu sanapite nayo patali, koma katekisimu yense anali m'mutu mwawo asanamere ndevu. Atangokwatira mayi Anastaziya, nkhondo inafika m'midzi yathu, ndipo tonse tinathawira ku Malawi kudzera pa Mandimba. Kumsasa wa othawa nkhondo kunalibe tchalitchi, choncho iwo ankatisonkhanitsa pansi pa mtengo wa mango Lamulungu lililonse. Kumeneko ndi kumene m'mimba mwawo munayamba kuvuta. Ambiri tinkadwala m'mimba masiku amenewo, tikumanamizira ufa wachikasu wa chithandizo. Ife tinachira, iwo ayi.

Mtendere utabwera tinabwerera kwathu mu 1994, n'kupeza kapela yathu itagwa, zitsamba zitamera pamene panali guwa. Bambo Yosefe anagwada pa bwinjalo, nalonjeza Mulungu kuti sadzagonanso kunja kwa mudzi mpaka kapela itafoleredwa. Bambo amenewa akanena chinthu, wowatembenuza ankangotaya malovu.

Ntchito inkayenda, matenda nawonso akukula. Akangodya pang'ono, pachifuwa pankatentha. Nthawi zina ankazemba kupita kuseri kwa uvuni wa njerwa kukasanza, n'kubwerako akuimba nyimbo. Mankhwala awo anali soda wophikira therere wosungunula m'madzi. Mayi Anastaziya atawakokera ku chipatala cha ku Mandimba, anamwino anawauza mosabisa kuti mapiritsi a pamenepo angoziziritsa chabe, ndipo ayenera kukaonana ndi dotolo wa matenda a m'mimba ku Nampula. Iwo anathokoza mwaulemu, nabwerera ku njerwa zawo. Aliyense wowafunsa ankamuyankha kuti umenewo ndi mtanda wawo. Anthu ankawatama, ndipo makolo ankalozera ana awo kuti kupirira ndi kumeneko.

Amene anamvetsetsa phunzirolo kuposa onse anali Florinda, mayi wamasiye woyambitsa nyimbo m'kwaya, wa ana atatu aamuna aang'onoang'ono. Nayenso ankadwala m'mimba, ndipo anali atayamba kusanza magazi. Anamwino anamuuza za ku Nampula komweko, iye n'kukana. Bambo Yosefe, monga mkulu wa mpingo, anapita kukamudzudzula kuti aganizire ana.

"Nanga inu, bambo, munapita?" anafunsa Florinda. "Mtanda wanu ndi woyera, wanga wokha ndiye wa kuchipatala? Mukapita inu, inenso ndipita."

Tsiku lomwelo bambo Yosefe anabwera kwathu nkhope itagwa, ndipo ndinawamvera chisoni. Anandiuza kuti mawu a Florinda awapweteka kuposa matendawo. Lonjezo linali pamenepo, makoma anali atafika pamwamba, ndipo mvula inali pafupi. Ndinawalangiza kuti adikire a padiri adzawamasule, koma masiku amenewo a padiri ankafika kwathu mwa apo ndi apo. Iwo anati magazi a Florinda sangadikire a padiri. Lamulungu lotsatira anaimirira pamaso pa mpingo, m'kati mwa makoma opanda dengawo.

"Abale, ndinalonjeza Mulungu denga," anatero. "Koma ngati kukhala kwanga kuno kukupha mayi wa ana atatu, denga limenelo Mulungu salifuna. Mawa ndikupita."

Ana a Florinda anatsala kunyumba kwathu. Bambo Yosefe, mayi Anastaziya ndi Florinda anakwera lole ya fodya mpaka ku Cuamba, kumene anakwera sitima, komboyo monga timanenera kuno. Ku Nampula dotolo anawalowetsa bambo Yosefe kachubu koonera m'mimba kudzera kukamwa, napeza zilonda zakale. Anawapatsa mankhwala, n'kuwaletsa soda uja. Florinda anachitidwa opaleshoni sabata yomweyo, ndipo dotolo anati akanachedwa sakanaona chimanga chatsopano.

Ali komweko, mvula yoyamba inagwetsa khoma limodzi la kapela, ndipo ena anayamba kung'ung'udza kuti Mulungu wakwiya ndi lonjezo losweka. Bambo Yosefe atabwerako anayang'ana khomalo, n'kuseka.

"Njerwa tiumba zina. Florinda wina tikanamuumba ndi dothi liti?"

Kapela inafoleredwa chaka chotsatira. Kuyambira pamenepo, mapemphero akatha, ankafunsa ngati alipo amene akubisa matenda. Wokana kupita kuchipatala ankamukhalira pakhonde mpaka atavomera, ndipo ambiri anawaperekeza okha, ena ku Cuamba, ena ku Nampula. Anapitiriza kuphunzitsa katekisimu ndi kuyendera odwala mpaka maso ndi miyendo zitawakana.

Anamwalira mwamtendere m'mawa wina, atalandira masakramenti, mayi Anastaziya atawagwira dzanja. Tikuwalira, koma sitikukayika za kumene ali. Florinda, amene tsopano ndi agogo, ndiye anayambitsa nyimbo pa maliro. Pofika nthawi yonyamula bokosi, amuna atatu anapempha abale kuti awalole kukhala patsogolo. Anali ana ake aja, ndipo palibe amene anawakaniza.